Mafunso ndi Mayankho: Maphunziro a Masters ndi PhD pa Chiyankhulo, Chikhalidwe ndi Chilungamo m'Sukulu

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi aphunzitsi, alangizi a sukulu ndi ogwira ntchito m'mabungwe amene ali kale ndi digiri yoyamba ndipo akulingalira zopitiriza maphunziro awo. Zitsanzo zambiri zachokera m'sukulu za ku Malawi, popeza ndi kumene ambiri mwa ofunsawo adzachitire kafukufuku wawo ngakhale atakaphunzira kunja.

Kodi maphunziro amenewa ndi otani kwenikweni?

Ndi maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba amene amalondola funso limodzi lalikulu: ana akalowa pa sukulu imodzi, atavala yunifomu yofanana, n'kukhala pamaso pa mphunzitsi mmodzi, n'chifukwa chiyani ena amapita patsogolo pamene ena amatsalira, ndipo kutsalirako kukukhudzana bwanji ndi chiyankhulo cha kwawo, miyambo ya makolo awo, chipembedzo, umphawi, ulumali kapena kukhala mtsikana? Wophunzira amawerenga mbiri ya maphunziro, malamulo ndi ndondomeko za boma, kaphunziridwe ka ziyankhulo, maganizo a akatswiri a kakhalidwe ka anthu, komanso njira zochitira kafukufuku. Pomaliza amachita kafukufuku wakewake n'kulemba thesis, lomwe ndi lipoti lalikulu la kafukufukuyo.

Dzina la digiri limasiyana malinga ndi yunivesite. Ku University College London kuli masters yotchedwa Social Justice and Education, ndipo ku University of Toronto kuli dipatimenti yathunthu ya Social Justice Education. Kuno kwathu nkhanizi zimapezeka mkati mwa digiri ya Master of Education kapena m'madipatimenti a ziyankhulo, choncho musataye mtima mukapanda kuona mawu akuti chilungamo pa chikalata cholengeza malo.

Akusiyana bwanji ndi digiri ya Chichewa kapena ya sayansi ya ziyankhulo?

Wa sayansi ya ziyankhulo amafuna kudziwa kapangidwe ka chiyankhulo: kamvekedwe ka mawu, magulu a mayina, kaumbidwe ka ziganizo. Akatswiri monga Sam Mchombo ndi Al Mtenje anatchuka ndi ntchito yotere pa Chichewa. Wa maphunziro amene tikukambawa amafuna kudziwa zimene chiyankhulocho chikumuchitira kapena kumumana mwana amene wakhala pansi m'kalasi. Zolemba za Pascal Kishindo, Edrinnie Kayambazinthu ndi Gregory Kamwendo pa ndondomeko ya ziyankhulo m'Malawi zimagwira mbali zonse ziwiri, ndipo ndi bwino kuziwerenga musanalembe kalata yofunsira malo.

Nanga chilungamo chikubweramo bwanji, si nkhani ya kukhoti imeneyo?

Pang'ono ndi ya kukhoti ndithu. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 amaletsa tsankho pa gawo 20, ndipo chiyankhulo chili m'gulu la zifukwa zotchulidwa pamenepo. Gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro, pamene gawo 26 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha ndi kutenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Koma zambiri zopondereza ana m'sukulu sizifika pamaso pa woweruza, chifukwa palibe munthu mmodzi amene mungamuloze chala kuti ndiye walakwa.

Ophunzira ambiri amathandizidwa ndi kagawidwe ka Nancy Fraser, katswiri wa ku America, amene anaona mbali zitatu za chilungamo. Yoyamba ndi kagawidwe ka zinthu: wophunzira wa ku CDSS yopanda labotale amalemba mayeso a MSCE omwewo amene amalemba mnzake wa ku Blantyre Secondary School kapena Lilongwe Girls. Yachiwiri ndi kulemekezedwa kwa chimene munthu ali. Chitsanzo chake ndi ana a chipembedzo cha Rastafari amene ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, mpaka khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti alandiridwe. Yachitatu ndi kukhala ndi mawu pamene chiganizo chikumangidwa, ndipo apa mungadzifunse kuti ndi makolo angati a ku Nsanje kapena ku Chitipa amene anafunsidwapo maganizo nthawi zonse zimene chiyankhulo chophunzitsira chasinthidwa.

Mbali zitatuzi nthawi zina zimakokana. Mkangano wa kota, njira yogawa malo a ku yunivesite motengera boma limene wophunzira akuchokera, imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, n'kubwereranso mu 2009 ndi kuthetsedwa mu 2020, unali wa magulu awiri amene onse ankanena kuti akumenyera chilungamo. Wophunzira wa masters amene sangathe kufotokoza mbali zonse ziwiri za mkanganowo mwachilungamo, kuphatikizapo mbali imene sagwirizana nayo, sanakonzeke kulemba thesis.

Ndani angalembetse, ndipo amafuna zotani?

Pa masters pamafunika digiri yoyamba yokhoza bwino, kawirikawiri ya uphunzitsi, ziyankhulo kapena maphunziro a kakhalidwe ka anthu, pamodzi ndi makalata a anthu okuchitirani umboni. Amene waphunzitsapo zaka zingapo ali ndi mwayi woposa amene wangotuluka kumene ku koleji, chifukwa mafunso abwino a kafukufuku amabadwira m'kalasi. Pa PhD pamafunika masters ndi proposal yolongosola chimene mukufuna kufufuza, chifukwa chake ndi njira yake, ndipo m'mayunivesite ambiri ndi nzeru kupeza kaye mphunzitsi wovomera kukuyang'anirani musanatumize mafomu. Mayunivesite ena a kunja amafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL ngakhale kuti munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Funsani msanga, chifukwa mayesowa ndi olipira ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha.

Ndiphunzire kuno kapena kunja?

Kuno, malo oyamba kufunsa ndi University of Malawi ku Zomba, kumene kuli sukulu ya zamaphunziro komanso Centre for Language Studies, ndi Mzuzu University. Mayunivesite omwe si aboma aliponso, koma musanalipire kalikonse tsimikizani kuti pulogalamuyo inavomerezedwa ndi National Council for Higher Education. Masters ya kuno imatenga zaka 2 pa pepala, ngakhale kuti ambiri amapitirira chifukwa thesis imalembedwa usiku ndi pa holide, munthu ali pa ntchito. Ya ku Britain imatenga chaka chimodzi. PhD kulikonse ndi zaka 3 kapena kuposerapo.

Ubwino wa kunja ndi laibulale yodzaza ndi nthawi yowerenga popanda zosokoneza. Vuto lake ndi lakuti zambiri zimene mudzawerenge kumeneko zinalembedwa poganizira ana a mafuko ochepa kapena obwera kuchokera m'mayiko ena, amene akuphunzira pakati pa eni Chingerezi. Kwathu zinthu zili chadodolido: ana pafupifupi onse, pamodzi ndi mphunzitsi wawo yemwe, ndi alendo m'chiyankhulo chimene akulembera mayeso. Amene amangonyamula maganizo a ku Toronto n'kuwatula ku Ntchisi osawayesa kaye amalemba thesis yomveka bwino koma yosathandiza. Pa chifukwa chimenechi South Africa ndi malo oyenera kuwaganizira mozama, popeza kumeneko nkhani ya chiyankhulo m'sukulu inakhetsa mwazi ku Soweto pa 16 June 1976, ndipo akatswiri monga Neville Alexander anathera moyo wawo pa funso lofanana ndi lathu.

Ndalama zolipirira ndingazipeze kuti?

Ambiri ophunzira kuno amadzilipirira okha pang'onopang'ono. Kwa ofuna kunja, thandizo lodziwika ndi la Commonwealth ndi Chevening ku Britain, Fulbright ku America, Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Canon Collins Trust imene imakonda kwambiri ofuna kugwira ntchito za chilungamo kum'mwera kwa Africa. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka 2 ndiponso kuti mubwerere kwanu mukamaliza. Mpikisano wake ndi waukulu, choncho musasiye ntchito kalata yokutsimikizirani ndalama isanafike m'manja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati ndinu wa m'boma, yambani msanga kupempha tchuthi cha maphunziro. Kumbukiraninso kuti kupatula fizi, kafukufuku ali ndi ndalama zakezake: maulendo, malo ogona, chojambulira mawu ndi malipiro a womasulira.

Ndikamaliza ndidzagwira ntchito yanji?

Ena amakaphunzitsa m'makoleji a aphunzitsi monga Domasi, Nalikule ndi ma TTC, ena ku Malawi Institute of Education kumene kumakonzedwa masilabasi ndi mabuku, ena ku MANEB, ku unduna wa zamaphunziro kapena m'mabungwe oona za kuwerenga, maphunziro a atsikana ndi ana olumala. Ofuna kukhazikika pa yunivesite amafunika PhD. Digiri payokha sikweza munthu pa udindo m'boma popanda malo otseguka ndi mayeso a ntchito, ndipo ambiri amabwerera m'kalasi momwe anachoka, kwa kanthawi kapena mpaka kalekale.

N'chifukwa chiyani nkhani ya chiyankhulo imatenga malo aakulu chotere pa maphunzirowa?

Chifukwa kuyambira pachiyambi, kusankha chiyankhulo cha sukulu m'dziko muno kwakhala kusankhanso amene akhale patsogolo. Amishoni ankaphunzitsa m'chiyankhulo cha kumene anamanga. A ku Blantyre ndi a ku Nkhoma anagwiritsa ntchito Chinyanja, pamene a Livingstonia, motsogozedwa ndi Robert Laws, atasamukira ku Khondowe mu 1894 anakuza Chitumbuka. M'zaka za m'ma 1930 boma la atsamunda linayesa kuika Chinyanja m'sukulu zonse, koma amishoni ndi mafumu a kumpoto anakana, ndipo Chitumbuka chinakhalabe m'sukulu za kumeneko.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1968, pamene msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagwirizana kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko, kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zizigwiritsidwa ntchito ndi boma, ndipo ziyankhulo zina zitsalire m'makomo. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe. Chodabwitsa, chimene wofufuza aliyense amakhalitsapo, ndi chakuti Kamuzu Banda yemweyo amene ankakonza Chichewa cha anthu pa misonkhano ndiye anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, sukulu ya ana osankhika imene inatchuka ndi Chilatini, Chigiriki ndi aphunzitsi ochokera ku Britain.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, Chitumbuka chinabwerera pa MBC, ndipo pambuyo pake kunamvekanso nkhani m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Chaka chomwecho maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, aphunzitsi ndi makalasi osakwanira. Mu 1996 unduna unatulutsa kalata yolamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo chaka chomwecho Centre for Language Studies inalowa m'malo mwa Chichewa Board. Kalatayo sinatsaganepo ndi mabuku a m'ziyankhulo zinazo kapena maphunziro a aphunzitsi, ndipo aphunzitsi anapitiriza kutumizidwa kumadera kumene sadziwa chiyankhulo cha ana. Lamulo linanena zina, kalasi n'kumachita zina, ndipo mpata umenewu pakati pa pepala ndi bolodi ndiwo munda waukulu wa ofufuza.

Lamulo la masiku ano likuti chiyani, ndipo m'kalasi mukuchitika zotani?

Lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1. Komabe pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016, imaphunzitsa ana a makalasi oyambirira kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo m'sukulu zambiri za boma Chichewa ndicho chimamveka mpaka Sitandade 4. Chipupa chenicheni mwana amachigunda mu Sitandade 5, pamene mabuku onse, kupatula la Chichewa, amasanduka a Chingerezi.

Khalani kumbuyo kwa kalasi yotere pa phunziro la sayansi, kope lili m'manja. Mphunzitsi alemba chiganizo cha Chingerezi pa bolodi, achiwerenga, ana achibwereza onse pamodzi, kawiri kapena katatu. Afunsa ngati amva, ndipo kalasi yonse iyankha mokweza kuti inde. Kenako afunsa funso lofuna kuti mwana afotokoze yekha, m'kalasi muti zii, mitu yonse yawerama. Mphunzitsi ayang'ana kukhomo, atsitsa mawu, afotokoza zomwezo m'Chichewa potchula mbaula ndi ketulo ya madzi owira, ndipo manja ayamba kukwera. Nthawi ikatha ana akopera za pa bolodi m'Chingerezi, chifukwa ndi zimene zidzabwere pa mayeso a Sitandade 8.

Mlangizi wongodutsa angalembe kuti mphunzitsiyu waphwanya lamulo. Wofufuza wophunzitsidwa bwino amalemba zina: ndi mphindi zingati zimene ana anayankhula mawu awoawo, ndani anakweza dzanja ndipo m'chiyankhulo chiti, atsikana anayankha kangati, ndipo n'chifukwa chiyani mphunzitsi anayang'ana kukhomo asanasinthe chiyankhulo. Luso loona zoterezi ndi kuzisandutsa umboni ndilo limene digiriyi iyenera kukupatsani.

Koma si zoona kuti mwana akayamba Chingerezi msanga amachidziwa bwino?

Makolo amene amaganiza chomwecho asanyozedwe, chifukwa akuwerenga bwino dziko limene akukhalamo. Popanda kukhoza Chingerezi munthu salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi, salowa ku yunivesite, ndipo gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mayi wogulitsa tomato amene amadzimana kuti mwana wake apite ku sukulu ya mkaka yoyimbitsa nyimbo za Chingerezi akuchita masamu olondola.

Chimene kafukufuku amatsutsa ndi njira yake. Kuphunzira Chingerezi ngati phunziro n'kosiyana ndi kuphunzira masamu ndi sayansi kudzera m'Chingerezi chimene sunachidziwe. Jim Cummins, pofufuza ana obwera ku Canada, anapeza kuti Chingerezi chochezera chimabwera m'zaka pafupifupi 2, koma cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7, ndipo amenewo ndi ana amene amamva Chingerezi pa msewu, m'sitolo ndi pa masewera. Mwana wa ku Kabudula amachimva kwa mphunzitsi yekha. Ku Nigeria, kuyambira mu 1970, Babs Fafunwa ndi anzake a ku yunivesite ya Ife anaphunzitsa gulu la ana m'Chiyoruba zaka zonse 6 za pulayimale, Chingerezi chili phunziro lapadera, ndipo anawo sanatsalire m'Chingerezi poyerekeza ndi anzawo amene anasintha msanga. Ku Mozambique, kuyesa kophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997 kunachitika m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo kunatsegula njira ya maphunziro otere m'sukulu zina kuyambira 2003.

Chenjezo ndi lakuti ku Ife kunali mabuku okonzedwa bwino ndi aphunzitsi a Chingerezi osulidwa mwapadera. Chiyankhulo cha kwawo pachokha sichipulumutsa mwana amene ali m'kalasi ya ana oposa 100, buku limodzi akulimbirana anthu asanu, m'mimba mulibe kanthu. Thesis imene imaika vuto lonse pa chiyankhulo imakhala yosavuta kuigwetsa.

Ine ndimakonda Chichewa ndipo ndikufuna kuchitukula. Kodi awa ndiwo maphunziro anga?

Mwina, koma konzekani kumva zosakoma. Pamaso pa Chingerezi, Chichewa ndi chiyankhulo choponderezedwa: m'sukulu zambiri za sekondale wophunzira wogwidwa akuchiyankhula amapatsidwa chibalo chotchetcha udzu kapena kukolopa. Koma pamaso pa Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chitonga, Chilomwe ndi Kyangonde, Chichewa ndicho chili pampando, ndipo chinafikapo ndi mphamvu ya boma monga tafotokozera pa funso la mbiri. Kalembera wa 1998 anapeza kuti anthu pafupifupi 57 mwa 100 alionse ankayankhula Chichewa pakhomo ndipo ena pafupifupi 13 anatchula Chinyanja, pamene Chiyao ndi Chitumbuka chilichonse chinali ndi pafupifupi 10. Otsalawo si ochepa, ndipo ali ndi ana.

Mwana wa m'mudzi wa ku Mangochi amene kwawo amayankhula Chiyao chokha amawoloka mitsinje iwiri: Chichewa mu Sitandade 1, Chingerezi mu Sitandade 5. Ku Chitipa, kumene Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi zina zimakumana m'boma limodzi, ngakhale funso lakuti chiyankhulo cha kwawo ndi chiti lilibe yankho limodzi pa kalasi yonse. Ku msasa wa Dzaleka ku Dowa kuli ana a Chiswahili, Kirundi ndi Kinyarwanda. Kulinso mwana wosamva, amene chiyankhulo chake ndi cha manja ndipo mphunzitsi wodziwa chiyankhulocho ndi wosowa. Wofufuza amene akati "chiyankhulo cha mwana" amatanthauza Chichewa nthawi zonse akubwereza cholakwa chomwecho chimene akudzudzula. Zambia, imene mu 2014 inayamba kuphunzitsa Giredi 1 mpaka 4 m'ziyankhulo 7 za m'zigawo, inakumana ndi vuto lofanana ku Lusaka, kumene Chinyanja cha m'buku chimasiyana ndi cha m'tauni chimene ana amayankhula.

Nanga chikhalidwe amachiona ngati chopinga maphunziro kapena chothandiza?

Malipoti ambiri a mabungwe amatchula chikhalidwe pokhapokha akamafotokoza chifukwa chimene ana akujombera: chinamwali, jando, nsondo, kudambwe, maukwati a ana. Zina mwa zimenezi ndi zoona ndipo siziyenera kuphimbidwa. Pali malangizo ena a kuchinamwali amene amakankhira mtsikana ku banja asanakhwime, ndipo ndondomeko ya 1993 yolola atsikana obereka kubwerera ku sukulu imalephera m'madera ena chifukwa cha kusekedwa ndi anzawo ngakhalenso aphunzitsi.

Komabe maphunzirowa amakuphunzitsani kufunsanso mbali inayo. Anankungwi amaphunzitsa ndi nyimbo, zifanizo ndi kuchita, ndipo ophunzira awo saiwala. Sukulu ingatengepo chiyani pa kaphunzitsidwe kameneko? Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma kodi mwana wochokera m'banja la gule amamva kuti kwawo kukulemekezedwa m'kalasi, makamaka pa sukulu ya mishoni? Kutsalira kwa maphunziro m'madera ena a Asilamu kuli ndi mizu m'nthawi imene sukulu zinali za mipingo ndipo makolo ankaopa kuti ana awo akabatizidwa. Ana omwewo masana amapita ku madrasa n'kuphunzira zilembo za Chiarabu, luso la kuwerenga limene sukulu siliwerengera n'komwe. Pierre Bourdieu wa ku France anasonyeza kuti sukulu imapereka mphoto pa zizolowezi ndi kayankhulidwe kamene ana a mabanja ophunzira amabwera nako kuchokera kunyumba, kenako n'kuzitcha nzeru zachibadwa. Sukulu nayonso ili ndi chikhalidwe chake, ndipo chiyenera kufufuzidwa mofanana ndi cha kumudzi.

Kodi zimenezi si ndale?

Zimakhudza ndale chifukwa zimakhudza kagawidwe ka mwayi, ndipo ena mwa akatswiri amene mudzawawerenge, monga Paulo Freire wa ku Brazil, sanabise mbali imene anaima. Koma thesis si chikalata cha chipani kapena cha gulu la mtundu. Oyesa thesis yanu adzafuna kuona umboni, njira imene munaupezera, ndiponso ngati munapereka mpata woti zimene mwapeza zikutsutseni. Amene amadziwa kale yankho asanapite ku sukulu yofufuzako amadziwika pa tsamba loyamba.

Mutu wa kafukufuku ndingausankhe bwanji?

Cholakwa chofala ndi kusenza mutu waukulu, monga zotsatira za ndondomeko ya chiyankhulo pa maphunziro m'Malawi. Mutu wotere sungathe m'zaka 2, ndipo umathera m'kubwereza mbiri imene ena analemba kale. Chepetsani malo, kalasi ndi funso. Mungafufuze mmene aphunzitsi a Sitandade 5 m'sukulu zitatu za zoni imodzi ku Machinga amasinthira pakati pa Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi pophunzitsa masamu. Kapena zimene atsikana obwerera ku sukulu atabereka amanena okha za mmene amalandiridwira. Kapena anthu amene amaoneka ndi amene saoneka m'zithunzi ndi nkhani za m'buku la Chichewa la Sitandade 3. Kapena zimene ophunzira a ku TTC amauzidwa zokhudza kalasi ya ziyankhulo zambiri. Yesani mutu wanu ndi mafunso atatu: kodi ndingakafike kumaloko ndi ndalama zimene ndili nazo, kodi ndimamva chiyankhulo cha anthuwo kapena ndili ndi wondithandiza wodalirika, ndipo kodi pali chimene ndingakapeze chimene chingandidabwitse?

Ndi zilolezo zanji zimene zimafunika, ndipo ndingafufuze pa sukulu imene ndimaphunzitsa?

Musanafunse munthu funso lililonse, proposal yanu iyenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za umunthu pa kafukufuku. University of Malawi ndi Mzuzu University zili ndi makomiti awo, ndipo ophunzira kunja amadzera ku komiti ya National Commission for Science and Technology kuwonjezera pa ya yunivesite yawo. Kenako pamafunika kalata ya ofesi ya zamaphunziro ya boma limene mukupitako, kuonana ndi mlangizi wa zoni ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo kumudzi simuyamba ntchito musanakaonekere kwa amfumu. Ana sangavomere okha: pamafunika chilolezo cha kholo, ndipo mwanayo afunsidwenso payekha m'chiyankhulo chimene akumva. Kalata yopempha chilolezo yolembedwa m'Chingerezi chokha, n'kupatsa kholo losadziwa kuwerenga kuti lidinde chala, ndi chinyengo ngakhale komiti itaivomereza.

Kufufuza pa sukulu yanu n'kololedwa ndipo kumachepetsa ndalama, koma kuli ndi msampha. Mwana amene mumamulembera malikisi sangakukanireni, ndipo adzakuuzani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Ngati ndinu mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi, aphunzitsi adzakonza phunziro lachionetsero tsiku limene mwabwera, ndipo kuyang'ana kukhomo kumene tatchula kuja kudzakhala kuyang'ana inu. Kusintha mayina sikubisa munthu pa sukulu imene ili ndi mphunzitsi mmodzi yekha wa Sitandade 5. Ngati n'kotheka sankhani zoni ina, ndipo pitaniko kambirimbiri mpaka anthu atasiya kukuonani ngati mlendo.

Kodi thesis ndingailembe m'Chichewa? Nanga mawu a anthu amene ndawafunsa ndiwamasulire bwanji?

Konzekerani kuilemba m'Chingerezi, chifukwa ndicho chiyankhulo cha mayunivesite athu ndi cha oyesa ochokera kunja. Ku South Africa mayunivesite ena analandirapo ma thesis a PhD olembedwa m'Chixhosa ndi m'Chizulu, zimene zikusonyeza kuti chopinga ndi malamulo a yunivesite ndi kupezeka kwa oyesa, osati kuperewera kwa chiyankhulo. Inde, n'zopweteka kulemba masamba ambirimbiri odandaula za Chingerezi m'Chingerezi chomwecho, ndipo palibe cholakwika kuinena mfundo imeneyi m'mutu wofotokoza njira za kafukufuku.

Pa kumasulira, funsani anthu m'chiyankhulo chimene iwo asankha, jambulani mawu atakulolani, ndipo lembani kaye zonse monga momwe zinayankhulidwira, kusakaniza kwa ziyankhulo, kuseka ndi kukhala chete komwe, musanayambe kumasulira. Ntchitoyi ndi yochedwa: kucheza kwa ola limodzi kumadya maola angapo kulemba, choncho musachulutse anthu ofunsidwa kuposa amene mungathe kuwamvetsera bwinobwino. M'thesis ikani mawu enieni a munthuyo pamwamba, kumasulira kwanu pansi pake, kuti wowerenga wodziwa chiyankhulocho athe kukutsutsani. Ngati munagwiritsa ntchito womasulira, nenani kuti anali ndani pa udindo, wamwamuna kapena wamkazi, wa m'mudzi momwemo kapena wakunja, chifukwa zimenezi zimasintha zimene anthu amaulula. Pezaninso munthu wachiwiri womva chiyankhulocho kuti amvetsere zigawo zingapo za zojambulazo n'kuyerekeza ndi zimene mwalemba. Pa ndalama za kafukufuku patulanipo za ulendo umodzi wobwerera ku sukuluyo mukamaliza, ndi chidule cha tsamba limodzi kapena awiri m'chiyankhulo cha kumaloko, choti chikawerengedwe pa msonkhano wa aphunzitsi, komiti ya sukulu ndi makolo.